Ndodo ya Silvino Yolirira M'mwamba

Silvino Bulande anabwerera ku Zóbuè mvula ya 1993 isanayambe, pa lole imodzi ndi mabanja ena amene anathawira ku Malawi nkhondo itafika povuta. Anzake anatsika ndi makasu, mbewu ya chimanga, mapoto ndi malata otsala a kumsasa. Iye anatsika ndi ndodo ya gofu yokulunga m'saka, ndipo m'thumba la malaya munali kampira koyera, kolimba ngati mwala. Katundu yense wa panyumba anasenza ndi mkazi wake Hortênsia, mwana wawo Violeta ali kumsana.

Ku Malawi Silvino sanakhalitse mumsasa wa ku Mwanza. Anasiya mkazi kumeneko n'kupita chakufupi ndi Blantyre, kumene anapeza ganyu pa bwalo lina la gofu. Ntchito yake inali kunyamula chikwama cha ndodo, kutsatira wosewera pambuyo, kupukuta ndodo akamenya, ndi kuona kumene mpira wagwera. Anthu a ntchito imeneyo kumeneko amawatchula kuti makadi. Lolemba, eni bwalo akakhala ku ntchito zawo, makadi ankaloledwa kumenyako mpira ndi ndodo zakutha. Silvino ankamenya bwino ndithu, ngakhale kuti sanali woposa onse.

Chimene anali nacho kuposa anzake chinali maso ndi makutu. Anaona msanga kuti mpira supita patali chifukwa cha minofu. Munthu akakweza ndodo kumbuyo, manja amapindika apa povala wotchi, ndipo mphamvu yonse imakhala m'kupindika kumeneko. Potsitsa, wodziwa amasunga manja ali chipindikire mpaka afike pa ntchafu, ndiyeno n'kuwamasula, mutu wa ndodo n'kuthamanga kwambiri pamene pali mpira penipeni. Wopupuluma amamasula akadali pamwamba. Mphamvu imathera mumphepo, ndodo imafika pa mpira itatopa kale, mwinanso imayamba yagunda nthaka. Wochedwetsa mopitirira nayenso amalakwa, chifukwa mpira umathawira kumanja chokwawa. Ndipo ndodo imanena yokha. Ikamasulidwa pa nthawi yake imalira pansi, pa mpira ndi patsogolo pake pang'ono. Ikalira pa khutu la womenya, mpirawo sukupita kulikonse.

Panali mmwenye wina wa sitolo amene Silvino ankamunyamulira Loweruka. Mipira yake inkathera m'kamtsinje kodutsa pakati pa bwalo. Tsiku lina Silvino analimba mtima nati, "Bwana, dikirani pang'ono. Mukutaya manja mukadali kumwamba." Mkuluyo anayesa, mpira n'kuwoloka kamtsinje kaja. Kuyambira pamenepo ankamuitana moseka kuti mphunzitsi, ndipo potsanzikana anam'patsa ndodo yake yakale ndi kampira kamodzi.

Mawu onenedwa moseka amenewo ndiwo Silvino anawoloka nawo malire. Za chikwama anazisiya kutsidya.

Ku Zóbuè aliyense wobwerera ankafunsidwa kuti wabwerako ndi chiyani. Ena anaphunzira kusoka, ena kukonza njinga, ambiri anangobwerako ndi moyo. Silvino akafunsidwa ankayankha kuti ankaphunzitsa azungu ndi amwenye gofu. Palibe amene ankadziwa gofu, choncho palibe amene akanamutsutsa. Anam'patsa dzina loti Mesitire, kutanthauza mphunzitsi, ndipo analilandira.

Nthawi yogalauza itafika, Hortênsia anamubweretsera khasu latsopano. Silvino analiyang'ana, osalikhudza.

"Amake Violeta, khasu limaumitsa manja. Manja akauma, ndodo ija siimveranso."

"Ndiye tidya ndodo, bambo a Violeta?"

"Dziko lino likudzuka. Azungu abwera, ndipo kumene kuli azungu kuli gofu. Ndikawononga manja lero, mawa adzatenga wina."

Hortênsia sanakangane naye. Anatenga makasu onse awiri, limodzi anapachika kudenga, linalo anapita nalo kumunda. Analima yekha chaka chimenecho, chotsatira, ndi chinanso. Munda wawo unali pa mtsetse wa miyala, tchire la zaka za nkhondo litamera mpaka m'chiuno. Silvino ankathandiza zopepuka, kupirikitsa anyani ndi kuperekeza matumba a kachewere kumsika, koma mpini sanaugwire.

Ndodo ija ankaigwira tsiku ndi tsiku, koma kampira sanakamenyepo n'kamodzi komwe, ndipo chifukwa chake chinali chenicheni. Masiku amenewo munthu ku Zóbuè ankayenda m'njira imene anzake apondamo kale. Kunja kwa njira ndi minda yotsegulidwa kunali miyala yopakidwa utoto wofiira, yochenjeza za mabomba okwirira. Ng'ombe ya a Albino, ogulitsa kachewere pamsewu, inaphulikira kuseri kwa tchalitchi anthu akuona. Mpira womenyedwa bwino umadutsa utali wa bwalo la mpira wa miyendo n'kupitirira. Kulikonse kumene Silvino akanaloza, kampira kake kakanagwera kuseri kwa miyala yofiira, ndipo anali nako kamodzi kokha.

Choncho ankamenya mphepo. Ankaima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, pamene amuna ankasewera ntchuwa, mtundu wa bawo, n'kumakupiza ndodo pa udzu wopanda kanthu. Amunawo sankadziwa za mtunda. Chimene ankamva chinali kulira kwa ndodo.

"Ilire, Mesitire, ilire!" ankatero a Albino. "Dzulo inalira kuposa apa. Kapena mayi sanakuphikireni?"

Kulira koyenera n'kwakufupi, kumamveka pansi kamodzi n'kutha. Koma munthu akataya manja kuchokera pamwamba, ndodo imalira motalika, fyuuu, ngati mbalame yodutsa pamutu. Kulira kumeneko ndiko kunkaombetsa anthu m'manja. Silvino sanachite kuganiza kuti asinthe. Tsiku lililonse ankamasula msanga pang'ono kuposa dzulo, chifukwa m'manja munkaombedwa kwambiri, ndipo panalibe mpira woti ugwe pafupi n'kumuuza kuti akudzinamiza. Munthu amene anaphunzitsa mmwenye kudikira anaiwala kudikira, akudziyesa kuti akunola luso.

Manyazi a zaka zimenezo anasenza ndi Hortênsia. Ku chitsime, Arminda, wa munda woyandikana ndi wawo, sankamusiya.

"Anzanga, mwawaona manja a Mesitire? Osalala ngati a padiri wa kutchalitchi. Inu a Hortênsia, mumawadzoza mafuta anji?"

"Sekani," ankayankha Hortênsia akusenza ndowa. "Manja amenewo ndiwo adzatichotse pa miyala ino."

Uthenga unabwera mu Okutobala, dzuwa litaswa mtengo. Anaubweretsa ndi Cristóvão, mchimwene wake wa Hortênsia, amene ankaphika ku kampu ya akatswiri ena akunja ku Moatize. Anthuwo anabwera kudzaona ngati migodi yakale ya malasha ingadzukenso. Mkulu wawo, mzungu amene antchito ankangomutchula kuti Enjinyero, anabwera ndi chikwama cha gofu, ndipo Lamlungu ankamenya mipira pa chigwa chouma pafupi ndi njanji. Mashefi awiri, akuluakulu a m'tauni, anasirira, ankafuna kuphunzira, koma iye analibe nthawi. Ankafuna munthu wowaphunzitsa ndi kusamalira malowo, ndipo munthuyo akanapatsidwa chipinda mu kampu, iye ndi banja lake.

"Ndamuuza kuti mlamu wanga ndi mesitire wa ku Blantyre," anatero Cristóvão akupukuta thukuta. "Wati mubwere Lamlungu adzaone. Alamu, musakandigwetse. Ndayika mutu wanga pamenepo."

"Mutu wanu uli pabwino," anayankha Silvino.

Hortênsia sanadikire Lamlungu. Mawa lake anapita ku chitsime atavala chitenje chake cha kutchalitchi, nauza Arminda pamaso pa amayi onse kuti munda wawo wina wakumunsi, wa nthaka yakuda, aulime iyeyo chaka chino, chifukwa iwo akusamukira ku Moatize. Arminda anati zikomo ndi pakamwa powuma. Madzulo omwewo anali atayamba kale kukweza mizere.

Lamlungu m'mawa a Albino ndi amuna a pa ntchuwa anawaperekeza mpaka pa shapa, minibasi ya kumeneko. Galimoto inatsika mapiri, mphepo yozizira ya ku Zóbuè inatsala m'mbuyo, kunayamba milambe, mbuzi ndi kutentha kotuluka m'nthaka. Silvino anakhala ndodo ili pakati pa maondo, akusisita manja ake. Hortênsia anagwirizira kathumba ka zovala, chifukwa anati ngati chipindacho chilipo, angogoneratu.

Chigwa chija chinali chafulati, chopanda udzu, nthaka yake yotuwa ndi fumbi la malasha. Chapatali panali mabogi a sitima ochita dzimbiri, oima pamenepo chiyambire nkhondo. Antchito a mu kampu anabwera kudzaonerera, ndipo pamthunzi wa mtengo waminga chakumanja panali mayi wogulitsa masawu m'beseni. Enjinyero anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula. Anapereka moni, nakhuthula mipira pansi. Silvino anali asanaonepo mipira yochuluka chomwecho chichokere ku Malawi.

Mzunguyo anayamba yekha. Sanaoneke ngati akugwiritsa mphamvu. Ndodo inangoti fyu pansi, mpira n'kukwera, n'kukagwera kuseri kwa bogi loyamba. Kenaka analoza Silvino.

Silvino anamasula ndodo yake m'saka, nayamba wakupiza mphepo monga ankachitira pa mtengo wa mango. Fyuuu! Antchito anakuwa. Cristóvão anayang'ana anzake ngati iyeyo ndiye wamenya. Enjinyero sanaombe m'manja, anangopendeketsa mutu.

Silvino anaika mpira, naima bwino, nakweza ndodo. Inatsika ikulira, n'kugunda nthaka mpira usanafikidwe. Fumbi linati kobo. Mpira unadumphadumpha ngati chule n'kuima pamene munthu akanatha kuuponya ndi dzanja.

"Nthaka ya kuno ndi youma," anatero Cristóvão mokweza. "Ku Blantyre kuli kapinga. Menyani wina, alamu."

Wachiwiri anaukhudza. Unakwera molunjika kumwamba, wopanda moyo, n'kugwa usanafike ngakhale theka la njira ya ku mabogi. Pamenepo ndi pamene Silvino anamva chimene makutu ake anakana kumva zaka zonsezo. Ndodo inalira pa khutu lake lamanja. Kunali kumenya kwa mmwenye uja asanaphunzire, kumenya kumene iye mwini ankakuseka kuseri ndi makadi anzake.

Ankadziwa mankhwala ake. Dikira, sunga manja mpaka pa ntchafu. Anadziuza chomwecho mumtima, nakweza ndodo, koma manja anali ndi chizolowezi chawo ndipo anamasuka okha pamwamba. Anayesanso, chimodzimodzi. Thukuta linalowa m'maso. Kenaka anakukuta mano, naumitsa manja ngati wagwira nyanga za ng'ombe, osawalola kumasuka mpaka ndodo itadutsa. Mpira unathawira kumanja chokwawa, n'kukamenya beseni la masawu, ngwe! Masawu anati balala m'fumbi, mbuzi n'kuthamangirako.

"Iwe shamwali!" anakuwa mayi uja atadzuka. "Nkhondo inatha! Ukufuna kundipha ndi mwala wa azungu? Amene anakuuza kuti umatha ndani?"

Antchito anaseka mpaka ena kukhala pansi. Silvino sanayang'ane kumene kunali Hortênsia.

Enjinyero sanaseke. Anatenga ndodo yake, namenya mpira wina pang'onopang'ono, ngati akuonetsa mwana. Apa thupi la Silvino linachita chimene linazolowera, mutu usanaganize. Anatsatira mpira ndi maso, nanena m'Chingerezi kuti wagwera kumanzere kwa bogi, pafupi ndi chulu. Anatambasula dzanja, nalandira ndodo ya mzunguyo, napukuta mutu wake ndi m'munsi mwa malaya, naibwezera m'chikwama pa malo ake enieni, n'kuima kumbuyo manja ali pa lamba wa chikwamacho.

Mzunguyo anamuyang'ana kanthawi, nalankhula naye motsitsa mawu. Sanamunyoze. Kenaka anamugwira paphewa, napita kukapepesa mayi wa masawu.

Chingerezi cha Cristóvão chinali cha kukhitchini, cha mchere ndi madzi otentha. Anafika pafupi, Hortênsia ali pambuyo pake, antchito atazungulira.

"Wati chiyani, alamu? Mubwerenso?"

Silvino yekha ndiye anamva mawu aja. Akanatha kunena kuti mzungu wati ndodo ndi yakale, kapena kuti ntchito apatsa m'bale wa shefi. Pakamwa pake panali patazolowera zoterozo. Anayang'ana manja a Hortênsia atagwira kathumba ka zovala, zala zong'ambika, zikhadabo zodzaza dothi la ku Zóbuè limene sopo sankalichotsanso.

"Wati ndine kadi wabwino," anatero. "Kadi ndi wonyamula chikwama. Wati zikuoneka kuti ndinanyamula nthawi yaitali. Koma kuno kulibe koyenda ndi chikwama, ndipo wophunzitsa ayenera kukhala woti mpira wake ukupita. Ntchito palibe."

"Wonyamula chikwama?" anatero Cristóvão. "Inu si mesitire?"

"Ayi."

Cristóvão anavula kapu yake n'kuimenyetsa pa ntchafu. "Ndiye ine ndikalowa bwanji m'khitchini muja? Mana, mlongo wanga, iwe umadziwa zimenezi?" Hortênsia anatembenuka n'kuyamba kulowera kumsewu.

Anadikira shapa pansi pa mlambe wopanda masamba, dzuwa lili paliwombo. Anakhala motalikirana, ndodo ili pansi pakati pawo. Patapita nthawi Silvino anati, "Amake Violeta, ndinakunamizani."

"Simunandinamize ine. Chaka chija Violeta anadwala chifuwa, ndinabwera naye kuchipatala ku Blantyre, ndinafunsira njira ya kuntchito kwanu. Ndinaima pa mpanda. Ndinakuonani muli ndi chikwama kumsana, mukutsatira mmwenye wonenepa. Ndinabwerera osakuitanani."

"Ndiye bwanji simunanene zaka zonsezi?"

"Chikwama chinandichititsa manyazi ngati? Chinatidyetsa. Ine ndinkati munthu amene waona anthu akumenya zaka zonse zija, kumenyako akutha. Ndinakhulupirira zimenezo, ndipo ndinalimira zimenezo." Anakonza mpango wake. "Tsopano munda wakuda uli ndi Arminda. Ine pakamwa panga sipangakapemphe. Ndinaupereka nditavala chitenje cha kutchalitchi."

Anafika ku Zóbuè dzuwa likadalipo. Hortênsia anadzera njira ya kuseri kwa msika. Silvino akanatha kumutsatira, koma anadzera pa mtengo wa mango.

"Mesitire wabwera!" anakuwa a Albino. "Mwaiwala chiyani? Kapena mzungu wakutumani mudzatenge ife?"

"Mpira sunapite," anatero Silvino ataima pakati pawo. "Ndinkamasula manja msanga. Kulira kuja munkakukonda n'kulira kolakwika, ndipo ine ndinayenera kudziwa. Ku Malawi ndinkanyamula zikwama."

Wina anaseka pang'ono, nasiya. A Albino anayang'ana m'maenje a ntchuwa, nauza mnzawo wosewera naye kuti, "Iwe, ndi nthawi yako, sewera," ngati kuti palibe amene walankhula. Kwa Silvino kusasekedwa kumeneko kunawawa kuposa kuseka kwa ku Moatize.

M'mawa mwake anatsitsa khasu lija kudenga. Linali ndi dzimbiri, mpini utadyedwa ndi anankafumbwe pang'ono. Anapita nalo kwa Arminda, nam'peza akusesa pabwalo. Anakhala pansi, khasu lili pambali, nafotokoza zonse osachotsera, napempha munda.

Arminda anatsamira tsache. "Amene anandipatsa munda ndi akazi anu. Bwanji sanabwere okha?"

"Amene analakwa ndine."

"Ehe. Munda tengani, si wanga. Koma ndakwezamo mizere kuyambira kumtsinje mpaka pa mwala waukulu, ndi msana wanga uno. Mizere imeneyo mundibwezere m'munda mwanga mwa kumsewu. Inuyo, Mesitire, osati a Hortênsia."

Munda wa Arminda unali m'mphepete mwa msewu waukulu, pamene aliyense wopita kumsika ndi ku chipata cha malire ankadutsa. Silvino anayamba tsiku lomwelo. Dzuwa lisanafike pamutu matuza anali atatuluka, madzulo anali ataphulika, mpini uli wofiira. Mizere yake inali yokhota, ndipo Arminda ankabwera kudzaloza yoti abwereze. Odutsa pamsewu ankachepetsa liwiro la njinga.

"Ilire, Mesitire! Khasulo ilire!"

Sankadzutsa mutu. Anamanga manja ndi zigamba za saka lija linkakulunga ndodo, napitiriza mpaka anabweza mzere womaliza. Atatero anatsikira kumunda wakuda. Hortênsia anali komweko akubzala. Anangosuntha pang'ono kum'patsa malo, ndipo mvula yoyamba inawapeza ali awiri.

Silvino analima kuyambira pamenepo mpaka ukalamba. Sanakhale mlimi wotchuka, koma nkhokwe yake sinkatha mvula isanagwe. Dzina la Mesitire silinamuchoke, ndipo ankayankha akaitanidwa, ngakhale kuti nthawi zonse ankayamba wayang'ana pansi. Ochotsa mabomba atamaliza ntchito yawo, miyala yofiira n'kuchotsedwa, malo omenyera mpira anapezeka ambiri, ndipo a Albino anamunyengerera kangapo kuti aonetse anthu kamodzi kokha. Anakana. Ndodo inakhala kudenga pamene pankakhala khasu, ndipo Hortênsia ankaitsitsa nthawi ya mango yokha, pogwetsa a pamwamba.